Mzere wa Nambala 27

Chaka choyamba ku yunivesite ya Can Tho ndinaphunzira kutsuka.
Musaseke. Timbale tagalasi, timachubu, timabotolo,
kutsuka, kuphika pa nthunzi, kutsukanso,
mpaka zala kuchita makwinya
ndisanakwanitse zaka makumi awiri.
Aphunzitsi a Kiet ankati,
"Kamene sukukaona ndi kamene kadzakudyere ntchito ya mwezi wathunthu."
Sananame.
Mpunga wanga woyamba, timbande tisanu m'botolo,
unakutidwa ndi nguwi zobiriwira
chifukwa ndinayetsemula.

Bambo pa foni: "Wati bayo chiyani?"
"Bayotekinoloje."
"Ndi udokotala?"
"Ayi."
"Ulimi?"
"Pang'ono."
Anakhala chete. Kumbuyo kwawo ndinamva injini ya bwato
ndi mayi akukalipira abakha.
"Bola uzidya," anatero, n'kudula.

Chaka chachitatu mvula inachedwa,
mtsinje wa Mekong unaphwa, nyanja n'kukwera m'mwemo.
Mchere unalowa m'ngalande zathu osaodira.
Bambo anaviika chala, kulawa, kulavula.
Pa sabata ziwiri munda unali utapsa nsonga
popanda woyatsa moto.

Ine ndinali m'labotale, magolovesi m'manja,
ndikuthirira mbande madzi amchere dala,
mizere makumi anayi, uliwonse ndi nambala yake,
kudikira kuti ndione wokana kufa.
Masana kupha mpunga ndi manja anga,
usiku kumva kuti kwathu ukufa wokha.
Izi sindinawauze Bambo.

Kenaka mikanjo, zipewa, zithunzi,
ndipo tinamwazikana.

Tuyen ali ku fakitale ya mowa ku Saigon,
amaweta yisiti mmene ena amawetera nkhumba,
akuti fungo lake silichoka m'tsitsi.
Phuoc amazungulira maiwe a milamba ndi kabokosi ka ayezi,
kusaka matenda nsomba zisanayandame chagada;
akabwera ndi nkhani yabwino amamupatsa khofi,
ikakhala yoipa ngakhale mpando sauona.
Nha anapita ku Osaka.
Amatumiza zithunzi za chipale chofewa,
za katemera amene akupanga saloledwa kunena.
Hau anati zomayang'ana m'maikulosikopu zamukwana,
pano amatigulitsa makinawo, tayi pakhosi,
ndipo pa tonsefe wagalimoto ndi iye yekha.

Ine ndinatsala.
Malipiro amatha lendi ndi mafuta a njinga yamoto zikangodutsa.
Koma mzere wa nambala 27 sunafe.
Unali wonyansa, wamfupi, wa ngala zochepa,
mpunga woti sungapatse mlendo.
Zaka zisanu takhala tikuukwatitsa ndi wina wonunkhira,
kung'amba timasamba ta ana ake,
kuwerenga chibadwa chawo pa kompyuta,
timizere totuwa tonga zipsera,
uyu watengera kupirira, uyu ayi, uyu ayi, uyu ayi.
Filiji inafa kawiri. Ndalama za kafukufuku zinatha kamodzi.
Aphunzitsi a Kiet anapuma pa ntchito osaona mapeto.

Dzulo ndinakwera basi, kenaka bwato,
envulopu ya khaki m'thumba la malaya.
Bambo anakhuthulira njerezo m'chikhatho,
kuziyang'ana nthawi yaitali,
n'kuluma imodzi ndi dzino la kutsogolo.

"Zaka zonsezi, digiri yonseyi, ndi izi?"
"Ndi zimenezo."
"Udzabereka?"
"Sindikulonjeza. Wapirira m'labotale
ndi m'minda itatu yoyeserera. Wanu sunauonepo."
Anaseka, kuseka kwawo kwa m'mphuno kuja.
"Mtsinjenso sunandilonjezepo kanthu."

M'mawa uno ndawapeza atawerama, matope m'mawondo,
akufesa pangodya ya kummawa, pafupi ndi ngalande,
pamene mchere umayambira kufika.
Azika kandodo ka nsungwi,
ndipo ndi utoto wotsala wa bwato
alembapo 27.